Kujambula Mtima Uli Mkati Mogunda

Aliyense amene anajambulidwapo m'chifuwa kuchipatala, kaya pofufuza chifuwa chachikulu kaya atachita ngozi, amakumbukira malangizo a wojambula: "Gunditsani chifuwa apa. Kokerani mpweya mkati. Musapume, musagwedezeke." Pakapita kamphindi amati, "Pumani tsopano." Malangizowa ali ndi chifukwa chake. Nthiti ndi mapapo zikasuntha makina ali mkati mojambula, chithunzi chimatuluka mwachimbuuzi, ndipo kabala kamene dokotala akufuna kakhoza kubisika.

Mpweya munthu angathe kuugwira kwa masekondi angapo, koma palibe amene angauze mtima wake kuti uyambe waima. Mwa munthu wamkulu amene wangokhala phee, mtima umagunda maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi imodzi. Komabe masiku ano madokotala amalowetsa timawaya ndi timachubu m'mitsempha ya pamtima, yomwe mkati mwake ndi motambalala mamilimita 2 mpaka 4 okha, mtimawo ukugunda, iwo akuyang'ana chithunzi cha X-ray pa sikirini. Kuti zimenezi zitheke, kompyuta imakonza chithunzi chilichonse chisanafike m'maso mwawo. M'nkhani ino tiona chimene imakonza, mmene imakonzera, ndiponso pamene nzeru zake zimathera.

Chithunzi chopangidwa ndi mthunzi

Cheza cha X-ray anachitulukira Wilhelm Conrad Röntgen ku Würzburg, m'dziko la Germany, pa 8 Novembala 1895. Ndi cheza chosaoneka ndi maso koma champhamvu moti chimapyola mnofu. Makina amachiwalitsa kuchokera mbali imodzi ya thupi, ndipo mbali inayo kumakhala chipangizo cholandira cheza chimene chapyola. Fupa limatsekereza cheza chambiri, mnofu umatsekereza pang'ono, mpweya wa m'mapapo sutsekereza kwenikweni. Motero chithunzi cha X-ray ndi mthunzi wa ziwalo, ndipo mithunzi ya zonse zimene chezacho chadutsamo imasanjikizana pamalo amodzi: nthiti, msana, mtima ndi mapapo.

Mu 1896 Thomas Edison ku America anapanga chipangizo choonera mthunziwo nthawi yomweyo, osadikira kutsuka filimu. Njira yoonera zamkati zikuyenda imeneyi imatchedwa fluoroscopy. Kuopsa kwake sikunachedwe kuoneka. Clarence Dally, wantchito wa Edison amene ankaika manja ake pa cheza kawirikawiri poyesa makina, anapsa, anadwala khansa, anadulidwa mikono yonse iwiri, mpaka anamwalira mu 1904. Edison anasiyiratu ntchito ya X-ray.

Patapita nthawi panabwera lamulo loti wodwala alandire cheza chochepa mmene zingathekere. Koma cheza chochepa chimapereka chithunzi chofooka. Kwa zaka zambiri madokotala ankagwira ntchitoyi m'chipinda cha mdima, atayamba avala magalasi ofiira kuti maso azolowere. M'zaka za m'ma 1950 kunafala chipangizo chowalitsa chithunzicho kambirimbiri, ndipo pambuyo pake anachilumikiza ku kamera ya TV. Cha m'ma 2000 kunabwera zolandirira cheza zaphanthiphanthi zimene zimatumiza chithunzi ku kompyuta mwachindunji.

Mmene X-ray inasandukira maso a manja a dokotala

Mtsempha wa magazi nthawi zambiri suoneka pa X-ray wamba, chifukwa magazi ndi mnofu wozungulira zimatsekereza cheza mofanana. Kuti uoneke amathiramo mankhwala amadzi okhala ndi ayodini, amene amatsekereza cheza kwambiri. Kwa masekondi ochepa mtsempha umaonekera, kenako magazi amakokolola mankhwalawo.

Egas Moniz wa ku Lisbon anajambula mitsempha ya muubongo mwa njira ya mankhwala otere mu 1927. Mu 1929 dokotala wachinyamata wa ku Germany, Werner Forssmann, anadzilowetsa kachubu mu mtsempha wa pamkono wake mpaka kumtima, nakadzijambulitsa kuti anthu akhulupirire. Mu 1958 Mason Sones wa ku Cleveland anapeza kuti munthu sangafe mankhwalawo atathiridwa mwachindunji m'mitsempha yodyetsa mtima. Mu 1977 ku Zurich, Andreas Grüntzig anatsegula mtsempha wa pamtima wotsekeka poufufumitsa ndi kabaluni kokhala kunsonga ya kachubu. Mu 1986 ku Toulouse, Jacques Puel anaika mu mtsempha wotere kachubu kolukidwa ndi timawaya, kotchedwa stent, kuti mtsemphawo usadzapanikizikenso.

Apa ntchito ya X-ray inasintha. Kale inkathandiza makamaka kupeza matenda. Tsopano imatsogolera manja a dokotala pamene akuchiza. Ndipo zimene iyenera kuonetsa ndi zazing'ono zedi. Kawaya kotsogolera kabaluni nkonenepa pafupifupi mamilimita 0.36, pamene timawaya ta stent zambiri za masiku ano sitifika ngakhale mamilimita 0.1. Zonsezi zili pa chiwalo chimene mitsempha yake ina imasuntha kuposa sentimita imodzi pa kugunda kulikonse.

Timadontho ndi chimbuuzi

Yesani kujambula ndi foni mwana akuthamanga pabwalo dzuwa litalowa. Foniyo ili ndi njira ziwiri zokha. Ikatsegula diso lake kwa kanthawi kochepa kwambiri, mwanayo amaoneka pamalo amodzi, koma chithunzi chimadzaza timadontho chifukwa kuwala kolowa nkochepa. Ikatsegula diso kwa nthawi yotalikirapo, timadontho timachepa, koma mwanayo amasanduka mzere wachimbuuzi. Masana vutoli kulibe poti kuwala nkochuluka. Makina a X-ray ali m'vuto lomweli, kungoti kwa iwo kuwonjezera kuwala ndiko kuwonjezera cheza, ndipo cheza chimenecho chimadutsa m'thupi la munthu.

Timadontho timabwera motere. Cheza chimafika m'timagawo ting'onoting'ono towerengeka, ndipo timagwa mwachisawawa. Pamalo poyenera kugwa timagawo 100, nthawi zina pamagwa 90, nthawi zina 110, kusiyana kwa 10 pa 100 alionse. Pamalo poyenera kugwa 10,000, kusiyanako kumakhala pafupifupi 100, komwe ndi 1 yekha pa 100 alionse. Choncho cheza chikachepa, kusiyana kwa mwamwayiku kumaphimba mthunzi weniweni wa kawaya.

Nanga bwanji osangowonjezera cheza? Tawerengani. Makina ojambula zithunzi 15 pa sekondi, akayaka kwa mphindi 10, ajambula zithunzi 9,000. Chilichonse mwa izi chiyenera kutenga cheza chochepa kwambiri poyerekeza ndi chithunzi chimodzi chodziimira pachokha. Mu 1994 bungwe la FDA ku America linachenjeza zipatala za odwala amene anapsa khungu chifukwa chokhalitsa pa makina otere. Madokotala ndi anamwino nawonso amaima pafupi ndi wodwala tsiku ndi tsiku, atavala zovala zolemera zokhala ndi mtovu.

Njira yoyamba yochepetsera vutoli ili m'makina momwemo. M'malo mowalitsa cheza mosalekeza, makina amachiphethiritsa: kuyaka kwa nthawi yosapitirira gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi, kuzima, kuyakanso. Pa kanthawi kochepa chotero mtima sunapite patali, choncho chithunzi chilichonse pachokha chimakhala chopanda chimbuuzi chambiri. Chotsala ndi timadontho, ndipo ntchito ya kompyuta imayambira pamenepa.

Chithunzi chikasanduka manambala

Kompyuta imagawa chithunzi m'timabokosi totchedwa pixel. Makina ambiri amagwiritsa ntchito mizere 1,024 yokhala ndi timabokosi 1,024 uliwonse, zomwe zikupanga timabokosi 1,048,576. Kabokosi kalikonse kali ndi nambala yosonyeza kuchuluka kwa cheza chimene chafika pamenepo. Chithunzi chikakhala manambala, chingathe kuphatikizidwa ndi china, kuchotseredwa ku china, kapena kusunthidwa, monga masamu ena alionse.

Kukonza kwina kumachitika pa chithunzi chimodzi pachokha. Kumene kuli mapapo kumawala kwambiri pamene kumene kuli msana kumada kwambiri, chifukwa pa sikirini ya fluoroscopy zinthu zolimba nthawi zambiri zimaonetsedwa zakuda. Kompyuta imachepetsa kusiyana kwakukuluku kuti kawaya kaoneke podutsa mbali zonse ziwiri. Imafufuzanso m'mphepete mwa zinthu, pamene manambala akusintha mwadzidzidzi, ndi kukometsa kusinthako. Koma kukometsa m'mphepete kumakometsanso timadontho. Phindu lalikulu limabwera kompyuta ikayamba kuyerekeza zithunzi zotsatizana.

Kuchotsa zosafunika

Ganizo loyamba ndi lapafupi. Jambulani chithunzi musanathire mankhwala, jambulaninso mutathira, kenako chotserani choyamba ku chachiwiri. Zonse zimene zili m'zithunzi ziwirizo mofanana, monga chigaza kapena fupa la ntchafu, zimafafanizika. Chotsala ndi chimene chasintha chokha, ndiye mitsempha yodzaza mankhwala.

Bernard Ziedses des Plantes wa ku Netherlands anachita zimenezi ndi mafilimu m'zaka za m'ma 1930, posanjikiza filimu imodzi pa inzake yotembenuzidwa kuda ndi kuyera. M'zaka za m'ma 1970 Charles Mistretta ndi anzake pa yunivesite ya Wisconsin anali m'gulu la amene anapereka ntchitoyi kwa kompyuta, ndipo cha m'ma 1980 makina ake anayamba kugulitsidwa. Njirayi imadziwika ndi zilembo zoti DSA. Ndi imene madokotala amadalira pofufuza mtsempha wotupa muubongo, pochotsa magazi oundana mwa wodwala sitiroko, ndi potseka mtsempha umene ukutaya magazi mkati mwa thupi.

Koma masamuwa amayenda bwino pokhapokha ngati palibe chasuntha. Wodwala akangomeza malovu kapena kugwedeza mutu pang'ono, fupa la m'chithunzi choyamba siligweranso pa la m'chithunzi chachiwiri, ndipo m'mphepete mwake mumatsala mizere yoyera ndi yakuda imene ingabise mtsempha kapena kuoneka ngati mtsempha. Pokonza, chithunzi choyamba chimakankhidwa pang'ono, nthawi zina kochepera kabokosi kamodzi, mpaka mafupa agwirizane. Makina atsopano amagawa chithunzi m'zigawo ndi kukankha chigawo chilichonse pachokha, poti mwendo ungasunthe mbali ina yokha. M'mimba, momwe matumbo ndi mpweya wake zimadziyendera, madokotala nthawi zina amabaya mankhwala oimitsa matumbo kwa kanthawi. Pamtima pokha pamakanika: kuyenda kwake nkwakukulu moti mitsempha yodyetsa mtima nthawi zambiri amaijambula osachotsera kanthu.

Kuphatikiza zithunzi zingapo

Ganizo lachiwiri limalimbana ndi timadontho. Kawaya kamene kali pamalo amodzi kamaoneka pomwepo m'chithunzi chilichonse, pamene timadontho timasintha malo nthawi zonse. Mukaphatikiza zithunzi zingapo ndi kupeza nambala yapakatikati pa kabokosi kalikonse, timadontho timafafanizana koma kawaya kamatsala. Zithunzi 4 zimachepetsa timadontho ndi theka. Zithunzi 16 zimatisiya gawo limodzi mwa magawo 4. Wodwala salandira cheza chowonjezera, chifukwa zithunzizo zinajambulidwa kale. Makina ambiri amachita zimenezi mosalekeza: chimene chili pa sikirini ndi chithunzi chatsopano chosakaniza ndi chimene chinalipo kale.

Vuto lake mwina mwaliona kale. Pa liwiro la zithunzi 15 pa sekondi, zithunzi 16 zimatenga nthawi yoposa sekondi imodzi, ndipo mtima umakhala utagunda kamodzi kapena kupitirira. Kawaya koyenda kamaoneka kakukoka mchira, kapena kamaoneka kawiri, kapena kamazimiririka. Chimbuuzi chimene tinachithawa pophethiritsa cheza chabwereranso.

Akatswiri anaphunzitsa kompyuta kusankha. Pa chigawo chilichonse imayerekeza chithunzi chatsopano ndi chakale. Kusiyana kukakhala kochepa, koti timadontho tokha tingakubweretse, imati apa palibe chasuntha, ndipo imaphatikiza. Kusiyana kukakhala kwakukulu, imati apa pali chinthu choyenda, ndipo imagwiritsa ntchito chithunzi chatsopano chokha, nkuchisalaza motsatira utali wa mzere, osati moudutsa, kuti mzerewo usafafanizike. Chovuta ndi malire ake: kawaya kopyapyala kakayenda, kusintha kumene kamabweretsa kumakhala kochepa moti kompyuta ingakutenge ngati timadontho.

Kuimitsa chinthu chimodzi, zina zonse ziziyenda

Ganizo lachitatu ndi limene linatembenuza nkhani yonse. M'malo mopewa kuphatikiza pamene pali chinthu choyenda, kompyuta imachitsatira chinthucho, imasuntha chithunzi chilichonse kuti chinthucho chigwere pamalo amodzi, ndiyeno imaphatikiza. Chitsanzo chabwino ndi mmene stent imaonetsedwera ikaikidwa mu mtsempha wa pamtima.

Dokotala akafufumitsa kabaluni, stent imatambasuka ndi kukanirira kukhoma la mtsempha. Funso lotsatira ndi lakuti: kodi yatambasuka mokwanira paliponse? Stent imene yatsala yopanikizika pakati imachititsa kuti magazi aundane kapena mtsempha utsekekenso mosavuta. Tsoka ilo, pa chithunzi wamba stent yopyapyala imangooneka ngati kamthunzi kosadziwika bwino. Kompyuta nayonso singathe kuitsatira mosavuta, poti singatsatire chimene sikuchiona.

Yankho lili pa kabaluni. Kumapeto kwake konse kuwiri kuli zizindikiro ziwiri zachitsulo cholemera, monga platinamu, zimene opanga anaziika kuti dokotala adziwe pamene kabaluni kafika. Zizindikirozi zimaoneka zakuda bii ngakhale m'chithunzi chodzaza timadontho. Dokotala amaphwetsa kabaluni nkukasiya mkati mwa stent, kenako amajambula kwa masekondi ochepa osathira mankhwala. Popeza kabaluni kali mkati mwa stent, ziwirizi zimayendera limodzi.

Tsopano kompyuta imachita zinthu zitatu. Imapeza zizindikiro ziwirizo m'chithunzi chilichonse. Imasuntha chithunzicho, kuchipotoza pang'ono, ndi kuchikulitsa kapena kuchichepetsa mpaka zizindikirozo zitagwera pamalo omwewo m'zithunzi zonse. Pomaliza imaphatikiza zithunzi makumi angapo, ikutaya zimene sizinagwirizane bwino. Zotsatira zake nzodabwitsa: stent, imene inali kuyenda, imaoneka bwino lomwe, pamene nthiti ndi msana, zimene sizinkayenda ndi mtima, ndi zimene zimasanduka chimbuuzi. Kuyenda kumene kunali mdani kwathandiza kufafaniza mithunzi yosafunika.

Pa chithunzi chotere dokotala angaone pamene stent sinatambasuke, pamene yathyoka, kapena ngati stent ziwiri zotsatizana zalowana bwino. Makampani opanga makinawa ali ndi mayina awoawo a njirayi: StentBoost kwa Philips, ClearStent kwa Siemens, StentViz kwa GE. Maziko ake ndi amodzi.

Mapu oyenda limodzi ndi mtima

Pali vuto linanso. Mtsempha umaoneka pokhapokha mankhwala ali mkati, koma mankhwala a ayodini akachuluka angavulaze impso, makamaka za okalamba ndi odwala shuga. Sizingatheke kumathira nthawi iliyonse imene kawaya kafika pamphambano. Choncho kompyuta imasunga chithunzi cha mitsempha chimene chinajambulidwa mankhwala ali mkati, nkuchiyala pamwamba pa chithunzi chimene chikuoneka panthawiyo. Dokotala amakankha kawaya akutsatira mapuwo.

Muubongo kapena m'mwendo mapu amodzi amakwanira. Pamtima pamafunika mapu osiyana pa gawo lililonse la kugunda. Apa kompyuta imathandizidwa ndi makina a ECG, amene amamva mphamvu ya magetsi yomwe mtima umatulutsa pogunda. Imasunga zithunzi za kugunda kwathunthu, ndipo nthawi iliyonse imasankha chogwirizana ndi pamene mtima wafika. Kupuma nakonso kumakweza ndi kutsitsa mtima wonse, choncho kompyuta imatsatiranso nsonga ya kachubu kuti ikhazike mapuwo pamalo oyenera.

Pamene nzeru za kompyuta zimathera

Njira zonsezi zili ndi mfundo imodzi: kufinya zambiri kuchokera mu cheza chimene wodwala walandira. Koma iliyonse imadalira ganizo limene lingakhale lolakwika. Kuchotsera kumaganiza kuti fupa silinasunthe. Kutsatira zizindikiro kumaganiza kuti stent ikuyenda ndendende ndi kabaluni, pamene nthawi zina kabaluni kamatereramo. Mapu amaganiza kuti mtsempha sunasinthe, pamene kawaya kolimba kangathe kuwongola mtsempha wokhota. Mtima wogunda mosalongosoka umasokoneza kusankha kwa mapu. Palinso nkhani ya nthawi: chithunzi chikachedwa kufika pa sikirini, manja a dokotala amakhala patsogolo pa maso ake, choncho masamu onsewa ayenera kutha chithunzi chotsatira chisanafike.

M'zaka zaposachedwapa kwabwera mapulogalamu a AI, amene amaphunzitsidwa ndi zithunzi zambirimbiri kusiyanitsa kawaya ndi timadontho. Amatha kuyeretsa chithunzi bwino kwambiri, koma ngozi yake ndi yachilendo. Pulogalamu yotere ingafafanize kanthu kenikeni kamene sinakaonepo pophunzira, kapena kukometsa mzere umene kulibe, ndipo chithunzicho chimaoneka chokhulupirika ndithu.

Nchifukwa chake dokotala wodziwa ntchito sadalira chithunzi chimodzi chokonzedwa. Amajambula mtsempha kuchokera mbali ziwiri kapena kuposerapo, poti mthunzi wa mbali imodzi ungabise kupanikizika. Akakayika amalowetsa kachipangizo koonera khoma la mtsempha kuchokera mkati, kogwiritsa ntchito mafunde a phokoso kapena kuwala. Asanachotse kachubu amathiranso mankhwala kuti aone magazi akuyenda. Posankha makina, funso lofunika si lakuti chithunzi nchokongola bwanji, koma lakuti: pa cheza chochepa chotani pamene dokotala angaonebe nsonga ya kawaya pamalo pake penipeni, pa nthawi yake yeniyeni?